Nkhani inali pa geti

Sabata yatha, kunyumba kwathu ku Area 43, ndinkaonera Iraq in Fragments, filimu ya James Longley ya mu 2006. Gawo loyamba limatsata Mohammed, mnyamata wa zaka 11 wogwira ntchito pagalaja ku Baghdad, asilikali a America ali ponseponse mumzindamo.

Bambo amene amatilondera anaima pakhomo n'kumaonera nawo. Kenako anati, "Bwana, inenso ndinali msinkhu umenewo pothawa nkhondo ku Angonia mu 1986."

Ndinachita manyazi. Zaka 6 akunditsegulira geti, koma sindinawafunsepo za kwawo. Longley anapita mpaka ku Iraq kukamvetsera mwana. Ine ndimangoliza hutala. Loweruka ndikhala nawo pansi, ndipo akalola, ndiwajambula pa foni.