Chifuwa chimene ndinabisira adokotala

Mankhwala a BP ndinasiya kumwa osauza munthu, ngakhale mayi a kunyumba. Kuchipatala ndinkapitabe mwezi ndi mwezi, m'buku n'kulembedwa bwinobwino, koma mapilitsiwo ankathera m'thumba la jekete yakale.

Chinandiyambitsa ndi chifuwa. Patangopita milungu ingapo chiyambireni kumwa enalapril, kukhosi kunayamba kukereketa ngati ndameza gaga. Chifuwa chake chouma, chopanda makhololo, ndipo chinkalimbika usiku. Kutchalitchi anthu anayamba kusendera kutali pabenchi. Alamu anga anandinong'oneza kuti ndikayezetse TB. Ndinapita, sanandipeze nayo. Kenako mankhwala anandithera ndili kumaliro kumudzi, ndipo pomatha milungu iwiri chifuwa chija chinali chitazilala. Mlandu ndinauweruza ndekha pomwepo. Kapilitsi kenanso ka HCTZ kanapita nawo limodzi, poti ndinkamwa madzulo ndiye usiku wonse unkathera kudzuka kokataya madzi.

M'malo mwake ndinagwira adyo ndi mandimu. M'thupi ndinkamva bwino zedi, ndipo ndinkadzitama nazo mumtima. Matendawa ndi achinyengo: magazi amathamanga mwakachetechete, mutu osawawa n'komwe.

Itatha miyezi isanu, m'mawa wina kapu ya tiyi inandipulumuka. Mkono wamanzere unali lende, pakamwa patapotoka. Kuchipatala makina anaonetsa 190/110.

Nditaulula, ndinkadikira kukalipiridwa. Adokotala anangopukusa mutu. "Bambo, bwanji simunanene? Chifuwa chimenecho timachidziwa. Tikanangokusinthirani mankhwala." Anandifotokozera kuti enalapril amachititsa kuti chinthu china cha m'thupi chotchedwa bradykinin chichulukane, ndipo kwa anthu ena n'chimene chimakanda kukhosi. Za HCTZ anati ndi wochotsa madzi ndi mchere m'thupi, n'chifukwa chake amamwedwa m'mawa. Mwina anandiuzapo tsiku loyamba lija, ine maganizo ali pa minibasi yobwererera.

Pano ndili pa amlodipine. Nayenso ali ndi zake: madzulo akakolo amatupa mpaka nsapato kuthina. Ulendo uno ndinakanena sabata yomweyo, ndipo anandichepetsera kuchoka pa 10 mg kufika pa 5 mg, n'kubwezeretsa HCTZ wa m'mawa.

Pakamwa panawongoka. Mkono ndiwo ukukanabe. Mabatani a malaya amandimangira ndi mayi a kunyumba, omwe anapeza mapilitsi aja m'jekete ine ndili chigonere m'chipatala.