Ndege Yogwa Popanda Kusweka

Luso lililonse lili ndi mtengo umene munthu amalipira poliphunzira. Wophunzira kuumba mbiya amaswa zingapo, koma dongo amangokatapa kudambo. Wophunzira kupalasa njinga amasupuka mawondo, mabala n'kupola okha. Koma alipo maluso ena amene kuphonya kamodzi kokha kumadya ndalama za belo lathunthu la fodya, ndipo maluso otere ana a alimi amangowaonera patali. Limodzi mwa maluso amenewa ndi loulutsa tindege toyendetsedwa ndi rimoti, woulutsayo ali chiimire pansi.

Kwa ife a ku Kasungu, nkhani ya tindegeti si yachilendo. M'mwezi wa June 2017, Boma la Malawi mogwirizana ndi bungwe la UNICEF linakhazikitsa dera loyeseramo ndege zopanda woyendetsa, zija ambiri amazitcha ma drone. Pakati pa derali panali bwalo la ndege la Kasungu, ndipo malire ake ankafika makilomita 40 mbali zonse. Chaka chomwecho kandege kotchedwa EcoSoar, kamene ophunzira a Chimalawi anapanga mothandizana ndi a sukulu ya Virginia Tech ya ku America, kanauluka makilomita 19 kuchoka pachipatala cha Gogode n'kukatera pabwaloli. Mu 2020 kunatsegulidwa sukulu ya African Drone and Data Academy ku Lilongwe yophunzitsa achinyamata ntchito imeneyi. Funso limene lakhala likundivutitsa ndi lakuti: kodi ana athu, amene tindegeti tinayesedwa pamwamba pa minda ya makolo awo, adzangokhala oloza ndi chala kumwamba, kapena nawonso adzagwira rimoti?

Ine ndine mlangizi wa zaulimi kuno kwa Chulu, ndipo funsoli linandipeza pakhomo pomwe kudzera mwa mphwanga, mwana wa mlongo wanga. Mnyamatayu atalemba mayeso a Fomu 4 anayamba kusema mapiko kuchokera ku thovu louma lija amatetezera nalo katundu m'makatoni. Tsiku lina anandiuza kuti, "Amalume, ndege ndapanga kale. Chatsala n'choti mundigulire injini, batire ndi rimoti basi."

Kwathu kuno pempho la mwana wa mlongo silikanidwa mwachisawawa. Komabe ndinawerengera mtengo wa zipangizozo, zonse zoitanitsa kunja, pamene kwacha inali itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023. Ndinadziwanso kuti kandege koyamba m'manja mwa wophunzira sikakhalitsa m'mwamba. Tsono ndinamuyankha kuti, "Mphwanga, rimoti ndikugulira, koma uyambe wagwa kaye kambirimbiri pamalo pamene kugwa n'kwaulere."

Malo ake ndi pakompyuta. Pali mapulogalamu otchedwa simulator amene amaonetsa bwalo, mphepo ndi kandege, ndipo munthu amakaulutsa ngati zenizeni. Kakagwa, umangodina batani, kabwerera pamalo pake kali bwinobwino. Vuto linali kusankha, pakuti mapulogalamuwa ndi ambiri, ndipo amene amawayamikira nthawi zambiri ndi anthu a m'mayiko amene magetsi ndi intaneti si nkhani.

Choyamba chimene ndinayang'ana ndi mtundu wa ndege imene mphwanga ankafuna kuphunzira. Mapulogalamu ngati Liftoff ndi VelociDrone ndi a ma drone a mpikisano okhala ndi tinjini tinayi, ndipo woulutsa amaona ngati wakwera m'kati momwemo. Awa ndi abwino pa ntchito yawo, koma kandege ka mapiko koulutsidwa ndi munthu woima pansi n'kosiyana. Sikangaime malo amodzi m'mwamba. Kakachepetsa liwiro mopitirira muyeso, mapiko amaleka kukanyamula ndipo kamagwa chamutu.

Chachiwiri chinali mphamvu ya kompyuta ndi ya thumba. Pulogalamu yotchuka ya RealFlight ili ndi ndege zambiri ndi zithunzi zokongola zedi, koma ndi yogula ndi madola, imafuna kompyuta yamphamvu, ndipo kuikopera kumamaliza bandulo yaikulu. Ine ndili ndi laputopu yakale imene timatchaja ndi magetsi a dzuwa. Pulogalamu yolemera pamakina ofooka imayenda modukizaduka, ndipo kandege kamamvera rimoti mochedwa. Zikatero zala zimazolowera bodza, munthu n'kumawongola mochedwa kapena mopyola. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wa mphepo. Ndinatembenukira ku mapulogalamu aulere. FMS ndi yopepuka, koma inalembedwera makompyuta a kale kwambiri. CRRCSim nayonso ndi yaulere ndipo imayenda ngakhale pa Linux. Ine ndinakhazikika pa PicaSim, imene imayenda pa Windows ndi pamafoni a Android, sifuna intaneti ukangoiika, ndipo imalola munthu kusintha mphamvu ya mphepo.

Chachitatu, chomwenso ndi chachikulu kuposa zonse, ndi chakuti pulogalamuyo ilole kulumikiza rimoti yeniyeni kudzera pa chingwe cha USB. Kuulutsa podina mabatani a kompyuta kapena kupukuta galasi la foni ndi masewera chabe. Rimoti ili ndi tindodo tiwiri. Pa dongosolo lofala lotchedwa Mode 2, kakumanzere kamawonjezera moto wa injini ndi kukhotetsa mchira, pamene kakumanja kamakweza kapena kutsitsa mphuno ndi kupendeketsa mapiko. Luso lonse limakhala m'zala zazikulu ziwirizo, ndipo zala zimaphunzira pokhapokha zikamagwira chinthu chomwecho chimene zidzagwire kubwalo. N'chifukwa chake ndalama zoyamba ndinaziika pa rimoti, osati pa injini.

Phunziro limene linagwetsa mphwanga kambiri ndi ili: kandege kakamapita kutali nawe, dzanja lako lamanja ndi lake lamanja n'limodzi, koma kakatembenuka n'kumabwera komwe uli, zonse zimaoneka zotembenuka. Ukuona kakupendekera kumanzere kwako, ukankha kandodo mmene mtima ukuuzira, ndipo m'malo mowongoka kalowa m'nthaka. Zimenezi munthu sangaziphunzire pongouzidwa. Madzulo aliwonse ndinkamva kuseka ndi kudandaula kuchokera pakhonde, mpaka tsiku linafika pamene zala zinayamba kuyankha mutu usanaganize. Tinagwirizana kuti sadzakhudza kandege kenikeni kufikira atatera bwino maulendo 20 otsatizana, mphepo itawonjezedwa, ndipo nthawi zonse akutera moyang'anizana nayo.

Sindikunena kuti kompyuta imaphunzitsa zonse. Simudziwa mwera wa mu June ndi July umene umasesa zigwa zathu zino, kapena kamvuluvulu wa mu October wodzuka mwadzidzidzi m'munda wouma. Dera lathu lili pamtunda wopitirira mamita 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, mpweya ndi wopepukirapo, ndiye kandege kamafuna liwiro lochulukirapo kuti kanyamuke. Pakompyuta palibe ana othamangira kudzaona, palibe chigafa cha fodya chofoleredwa ndi udzu, palibenso mantha amene amanjenjemeretsa manja ukadziwa kuti chili m'mwambacho ndi thukuta la munthu. Pamudzi pamene mawu akuti ndege amakumbutsa ena za lichero la usiku, ulemu umafuna kuti ukayambe waonekera kwa amfumu n'kufotokoza. Malamulo a zandege a dziko lino nawonso ayenera kutsatidwa.

Boma lathu lomwe lino la Kasungu ndiko kwawo kwa William Kamkwamba wa ku Wimbe, amene anapanga makina opukusa magetsi ndi mphepo atangoona zithunzi m'buku la mulaibulale yaing'ono. Chimene anapeza si chuma ayi, koma khomo lotseguka. Masiku ano sukulu zina zasekondale ndi malo ena a achinyamata ali ndi makompyuta amene amangofundidwa nsalu kuopa fumbi. Pulogalamu yaulere, rimoti imodzi ndi chingwe chimodzi zikhoza kusandutsa chipinda chotere kukhala bwalo la ndege la ana 50. Mwana wa munthu wolemera amaphunzira poswa zinthu zimene bambo ake agulanso mawa. Mwana wa mlimi naye apatsidwe pogwera pofewa, chifukwa amene sanaloledwe kugwa sadzauluka.