Usiku Umene Ndinapha Kompyuta ya m'Laibulale

Makompyuta awiri a m'laibulale mwathu amayendera NixOS. Anatiikira ndi Bambo amene amatiphunzitsa masamu, ndipo anandisankha ine kuti ndiziwathandiza, poti ndine wa mafunso osatha.

NixOS ili ndi khalidwe lakelake. Sumangodinadina apa ndi apo ayi. Zonse zimene ukufuna umazilemba mu fayilo yotchedwa configuration.nix: dzina la kompyuta, mapulogalamu, za netiweki, ndi anthu ololedwa kulowamo. Ukatero umalamula kuti nixos-rebuild switch, makinawo n'kudzikonza okha motsata zolembedwazo. Maziko ake ndi Nix, imene Eelco Dolstra anailembera digiri yake ku Utrecht mu 2006. Bambo amati zili ngati lamulo la seminale: kulemba kaye, moyo pambuyo.

Pali fayilo inanso, hardware-configuration.nix, imene makina amadzilembera tsiku loika NixOS. M'menemo muli nambala zazitali zotchedwa UUID, ndipo chigawo chilichonse cha disiki chili ndi yakeyake. Pamwamba pake pali chenjezo loti usaisinthe. Chenjezolo ndinaliwerenga ndithu, sindinganame.

Tsono Wi-Fi inkagwira pa kompyuta yoyamba yokha. Lachinayi lina madzulo ndinati ndidabwitse Bambo. Ndinakopera mafayilo onse awiri kupita pa kompyuta yachiwiri, n'kulamula, n'kuiyatsanso. Inangoti zii, kudikira disiki ya mnzake imene mwa iyo munalibe. Mmenemo ndi mmene anzathu a Fomu 4 ankasungamo mapepala a mayeso akale a MSCE, ndipo mayeso anali atayandikira. Pa mapemphero a usiku pakamwa pankayenda, koma mtima unali ku laibulale. Tulo sindinatione.

M'mawa Misa itatha ndinawatsatira.

"Bambo, ndalakwa. Kompyuta ija ndaipha."

"Wafufuta kanthu, mwana wanga?"

"Iyayi, Bambo."

Anaiyatsa, ndipo isanayambe kuyenda anandionetsa mndandanda umene ndinkangoudumpha masiku onse. Nthawi iliyonse ukalamula, NixOS imasunga makonzedwe akale osawataya. Anasankha adzana, kompyuta n'kudzuka, mapepala onse ali momwemo. Kenaka nixos-generate-config inalembanso fayilo ya disiki ija.

Chondipweteka n'chakuti configuration.nix yokha ikanakwanira, poti chimene chinkasowa unali mzere umodzi woyatsa NetworkManager. Bambo anandisiyira mpando kuti ndisinthe dzina la kompyutayo, chifukwa tsopano onse awiri ankayankha dzina limodzi.