Lupanga Loponyedwa Kumbuyo

Mu Disembala 2017 ndinali ku Johannesburg kokacheza ndi mwana wanga wamkazi, ndipo iye ananditengera kokaonera The Last Jedi. Filimu itangoyamba, mtsikana Rey anapereka lupanga la kuwala kwa Luke Skywalker, ngwazi imene ndinaidziwa ndili mnyamata, pa tepi ya vidiyo yokalamba, m'kachipinda kotentha kodzaza ana asukulu. Luke analiyang'ana lupangalo n'kuliponya kumbuyo ngati chitsononkho. Mwana wanga anaseka. Ine magazi anawira.

Sindinakwiye ndekha. George Lucas, amene anayambitsa Star Wars mu 1977, anagulitsa kampani yake ya Lucasfilm kwa Disney mu 2012 pamtengo wa madola 4 biliyoni, ndipo nthanoyo inagwera m'manja mwa ena. J.J. Abrams atatulutsa The Force Awakens mu 2015, anamunena kuti wangobwereza zakale. Rian Johnson atabwera ndi The Last Jedi, anamunena kuti wapatuka. Anthu zikwizikwi anasaina chikalata pa intaneti chopempha kuti filimu yakeyo ichotsedwe mu "canon".

Liwu limeneli linandikola, poti ntchito yanga ndi ya mawu. Linachokera ku Chigiriki, kumene kanon inali ndodo yoyezera. Kenako mpingo unalitenga kutanthauza mndandanda wa mabuku ovomerezeka a m'Baibulo. Choncho okonda filimuwa ankayankhula ngati akulu a mpingo amene akuweruza mlaliki wosocheretsa nkhosa. Ndipotu chizolowezichi kampaniyo inachithirira yokha manyowa, pamene mu 2014 inalengeza kuti mabuku ambiri akale a Star Wars salinso mbali ya nkhani yovomerezeka.

Apa ndi pamene manyazi anandigwira. Kwa zaka zoposa makumi awiri ndakhala ndikuphunzitsa kuti chinenero chilibe mfumu, kuti m'badwo uliwonse umachiumba mwatsopano. Ndimawaseka, mwina mopitirira muyeso, madoda amene amadandaula kuti achinyamata akuononga Chichewa. Koma mumdima wa m'nyumba ya kanema ija, doda wodandaulayo ndinali ine.

Sindikunena kuti omvera alibe gawo. Agogo anga akamayamba nthano, ife tinkavomera kuti "tili tonse", ndipo mawuwo anali pangano. Akamusandutsa Kalulu chitsiru tikanawadula pakamwa. Komabe kudzudzula kwathu kunkachitika maso ndi maso, pamoto umodzi, ndipo kukacha tinkadya nawo mbale imodzi. Kelly Marie Tran, wosewera wa ku America amene makolo ake anachokera ku Vietnam, sanaone nkhope za omutukwana. Anamunyoza chifukwa cha mtundu wake ndi maonekedwe ake mpaka mu Juni 2018 anafufuta zithunzi zake zonse pa Instagram. Mufilimu yotsatira, ya 2019, anangooneka kwa mphindi imodzi ndi timasekondi.

Chimene chinandithetsa mawu n'chakuti mwini nthano nayenso sanapulumuke. Lucas atabwerera ndi The Phantom Menace mu 1999, okonda filimu zake anamuukira kwa zaka zambiri, ndipo Ahmed Best, amene anasewera Jar Jar Binks, anaulula mu 2018 kuti chitonzocho chinatsala pang'ono kumuchititsa kudzipha. Mlendo akasintha, walakwa. Akapanda kusintha, walakwa. Mwini wake akabwera, walakwanso. Ndikuganiza kuti chimene ine ndinkateteza ndi kachipinda kotentha kaja, ndi mnyamata amene anakhala pansi m'menemo, amene palibe wotsogolera filimu angandibwezere.

Tikutuluka usiku umenewo ndinkangong'ung'udza. Mwana wanga anandimvetsera mpaka pagalimoto, kenako anati: "Bambo, Luke wakalamba, ophunzira ake anamukhumudwitsa, ndipo akukayika zimene ankaphunzitsa. Chakupwetekani n'chiyani kwenikweni?"

Ndinamuuza kuti ayang'ane kutsogolo, msewu unali wodzaza magalimoto.