Maluwa anga a kuseri kwa khola

Anzanga ena a Fomu 2 mwakhala mukunditchula kuti "Bambo Maluwa" kuyambira teremu yatha. Sindikwiyanso ayi. Koma poti ambiri mumangoseka osadziwa mmene zinayendera, ndati ndilembe pano kuti aliyense awerenge yekha, ndisamangobwereza nkhani imodzimodzi pa buleki.

Mu Seputembala chaka chatha azakhali anga amene amagwira ntchito ku Lilongwe anabwera kudzationa. Mlongo wanga anamubweretsera nsapato, ine anandipatsa makope awiri ndi kapaketi ka mbewu ya maluwa otchedwa aster. Kunena zoona zinandiwawa. Nsapato ndi kapepala, zofanana pati? Koma chithunzi cha pakapaketipo chinali chokongola, maluwa a pinki, oyera ndi ena a pepo, odzadza bwino ngati timipira. Azakhali anati ku tauni anthu amagula maluwa otere ndi ndalama, a pa ukwati, a m'tchalitchi ngakhale a m'mahotela. Mawu akuti ndalama ndi amene anandigwira mtima.

Ndinafesa theka la mbewuyo mu Okutobala, osafunsa munthu. Inu nonse mukulidziwa dzuwa la Okutobala kuno ku Lifuwu, mchenga umachita kuwotcha mapazi. Timbande tinamera ndithu, koma poopa kuti tiuma ndinkathira madzi ambiri mmawa, masana ndi madzulo. Pasanathe sabata tonse tinagwa, titawola m'munsi mwenimweni pamene kamtengo kamakumana ndi dothi. Amayi anangoyang'ana n'kunena kuti, "Madzi onsewa ukanathirira mpiru bwenzi tikudya."

Nditawafotokozera aphunzitsi athu a agirikacha anaseka kaye, kenako anandiuza kuti aster ndi duwa lokonda nyengo yozizirirapo. Kwawo kwenikweni ndi ku China, ndipo dzina lakelo m'Chigiriki limatanthauza nyenyezi. Anati malo ngati Dedza lingakule mosavuta, koma kuno kunyanja ndidikire mvula ithe, ndifese mu Epulo kuti likule m'miyezi yozizira. Anawonjezanso kuti ndi la banja limodzi ndi mpendadzuwa komanso chisoso. Izi ndinalakwitsa kukazinena kunyumba, chifukwa amayi anayankha pompo kuti, "Bola m'bale wakeyo, chisoso timadyera nsima."

Mbewu yotsala ndinaisunga m'botolo louma, pamwamba pa khoma. Mu Epulo ndinayambiranso, ulendo uno mwanzeru. Nazale ndinapanga m'beseni lakale lobooka. Ndinasakaniza dothi lakuda, mchenga pang'ono ndi manyowa owolerana, n'kusefa ndi manja kuti pasakhale zibuma. Njere za aster ndi zazing'ono, sizifuna kukwiriridwa mozama. Ndinangowaza kadothi kochepa pamwamba, n'kuphimba ndi udzu. Pothirira ndinkagwiritsa ntchito botolo la pulasitiki loboola ndi msomali pachitsekero, kuti madzi azigwa ngati mvula yowaza. Tsiku la 9 zinayamba kumera. Ndinachotsa udzu uja tsiku lomwelo, chifukwa ukachedwa mbande zimatalika mowonda pofuna kuwala.

Vuto linali malo. Kudimba abambo anakana, akuti ndi kwa tomato. Amene anandithandiza ndi agogo ena oyandikana nafe nyumba. Sanali achibale athu, koma tonse tinkangoti agogo. Anandiitana n'kunena kuti, "Mdzukulu, kuseri kwa khola langa kuli malo, kalime kumeneko. Manyowa a mbuzi tenga, ine sindidya." Ndinalima mabedi awiri, n'kumanga mpanda wa bango. Mu Meyi, mbande zili ndi masamba 5 kapena 6, ndinawokera madzulo dzuwa litapepa, motalikirana masentimita 30. Zinali mbande 46. Zisanu zinafa sabata yoyamba.

Nthawi imeneyo n'kuti anthu ali kalikiliki ndi mpunga. Kuno aliyense amadziwa za Kilombero ndi Faya, ngakhale akatswiri a pa siteshoni ya kafukufuku wa zaulimi nkhani yawo yaikulu ndi mpunga womwewo. Ndiye munthu ukamanyamula mapesi a mpunga kukaphimbira maluwa, anthu amakuona ngati mutu sukuyenda bwino. Koma mapesiwo ndi amene anandipulumutsa, chifukwa dothi lathu lamchengali silisunga chinyezi.

Chimene chinandivuta kwambiri ndi madzi. Ndowa zinayi mmawa ndisananyamuke ulendo wa kusukulu, zina ziwiri madzulo. Pa mjigo ndinkakhala mnyamata ndekha pakati pa amayi ndi atsikana, ena n'kumandifunsa ngati ndakwatira. Kawiri konse ndinafika mochedwa n'kupatsidwa chibalo chotchetcha. Anzanga ena amene amapita kunyanja usiku ku usipa ankandionetsa ndalama n'kumati, "Aise, maluwa akowo udzadya?" Ndinalibe choyankha. Masiku ena ndinkaganiza zongosiya.

Mu Juni kunabwera nsabwe, tobiriwira tija tomata kunsi kwa masamba. Ndinasinja masamba a nimu, kuwaviika m'madzi usiku wonse, n'kuwazapo pamodzi ndi sopo pang'ono. Zinachepa. Zitatu zinafota zokha ngakhale dothi linali lonyowa, ndipo aphunzitsi anati ndizizule ndi kuzitentha, ndiponso chaka chamawa ndisadzabzale aster pamalo omwewo chifukwa matenda amenewo amatsala m'dothi. Mwera utayamba kuwomba mwamphamvu ndinazika timitengo n'kumangirira ndi luzi. Agogo aja tsiku lililonse ankakhala pa mkeka n'kumandifunsa, "Nanga nyenyezi zakozo zituluka liti?"

Zinatuluka kumapeto kwa Julayi, sukulu titatsekera. Loyamba linali la pepo. Ndinalidula n'kukawaikira agogo m'kapu. Analiyang'anitsitsa n'kunena kuti amaganiza kuti maluwa otere amakhala a pulasitiki okha, ngati a ku tchalitchi aja.

Pofika pakati pa Ogasiti mabedi onse anali mbuu. Bambo wina wa m'mudzi mwathu amene amagwira ntchito pa loji ina ku Senga Bay anaona, n'kunena kuti abwana ake angagule oika pa matebulo. Tinagwirizana kuti Loweruka ndidule mmamawa, ndiike m'ndowa ya madzi, ndipite nawo pa njinga. Anandiphunzitsanso kuti duwa lodula lisakhale lotseguka kwambiri, komanso masamba a m'munsi azichotsedwa kuti asawolere m'madzi. Usiku ndinkawerengera ndalama zimene ndinali ndisanazigwire. Nsapato zinali poyamba, kenako kakyuleta.

Lachinayi m'bandakucha tinamva kulira. Agogo aja anali atatisiya. Anangodwala masiku atatu basi.

Lachisanu madzulo amayi a mpingo anakhala pansi kuti aluke nkhata, koma maluwa anali ochepa, ongothyola m'mipanda ya anthu. Ine ndinali kuseri kwa khola, sindinkathirira, ndinangokhala. Amayi anga anabwera n'kuima pa mpanda. Anthu omwe aja ankati maluwa sadyedwa. Anayankhula motsitsa mawu, "Mwanangu, ndikudziwa kuti uli ndi malonda mawa. Sindikukukakamiza." Anangonena zomwezo n'kubwerera.

Musaganize kuti ndinadumpha ndi chimwemwe. Ndinakhala pamenepo mpaka mdima, mutu uli pa nsapato. Miyezi inayi yotunga madzi! Koma malowo anali a ndani? Manyowa anali a ndani? Mmamawa ndinatenga mpeni n'kudula, ndowa ziwiri kudzadza. Ndinasiya mitengo 7 yokha, ya maluwa akuluakulu, kuti ikhale ya mbewu. Panatuluka nkhata zisanu. Kumanda anthu ankafunsana kuti maluwawa agula ku Lilongwe kapena, ndipo ndinamva amayi akuyankha kuti, "Ayi, walima ndi mwana wanga."

Bambo wa ku loji uja sanasangalale, poti anali atawalonjeza kale abwana ake. Patapita masabata awiri nthambi za m'mbali zinatulutsa maluwa ena, koma ang'onoang'ono. Anagula timitolo titatu tokha. Ndalama yake inakwana kakyuleta yogwiritsidwapo kale ntchito. Nsapato ndikuvalabe zomwe zija mumaziseka, zosokedwa ndi waya kutsogolo.

Mitengo 7 ija ndinaisiya mpaka mitu inauma n'kuchita tiubweya toyera. Ndinaipukusa pa lichero la amayi, n'kuuluza. Mbewu ndapeza yambiri kuposa imene inali m'kapaketi ka azakhali. Aphunzitsi akuti mbewu ya aster sichedwa kutha mphamvu, ndiye yonse iyenera kufesedwa Epulo akubwerayu. Apa ndiye pali nkhani, chifukwa nthawi yothirira idzakumana ndi yokonzekera mayeso a JCE, ndipo abambo anena kale kuti sakufuna kudzamva za chibalo. Malo atsopano sindinawapezenso.

Choncho amene akufuna mbewu andipeze m'kalasi pa buleki, abwere ndi bokosi la machesi lopanda kanthu. Sindigulitsa. Koma ndidzayamba ndafunsa kuti kwanu mjigo uli patali bwanji, ndipo mbuzi zanu mumamangirira kapena ayi.