Tsiku Lomwe Ndidatseka Shopu

Kalata yochokera kusukulu idagona masiku anayi m'chikwama changa, pakati pa malisiti, ndisanaiwerenge. Inkanena kuti ana a Sitandade 7 apita ku Karonga kukaona mafupa a zinyama zamakedzana, ndipo pakufunika makolo atatu operekeza. Pamzere wa kholo, mwana wanga wamkazi adali atalembapo kale ndi pensulo dzina la agogo ake.

Sindidamufunse chifukwa chake, poti ndinkachidziwa. Ine ndimagulitsa zitenje ndi nsapato mumsika wa Mzuzu, ndipo kawiri pamwezi ndimakaoda katundu ku Kyela, m'dziko la Tanzania. Ndimachoka iye ali mtulo, pobwera n'kumupeza atagonanso. Ndidafufuta dzina la amayi angalo n'kulembapo langa. Kunena zoona, chidandikankha ndi manyazi.

Ulendowo udagwa kumapeto kwa mwezi, pomwe anthu alandira ndipo malonda amathamanga. Kuchoka ku Mzuzu mpaka kutsetsereka Chiweta, foni idali kukhutu. Nditaiika pansi, aphunzitsi ake adandiyandikira mwaulemu. "Pepani mayi, kodi ndinu azakhali ake?" Ndidaseka, koma mawuwo adandilasa.

Nyumba yosungiramo zinthu zakale ya ku Karonga idatsegulidwa mu 2004. Pa Karongapo ndadutsapo kosawerengeka, mutu uli pa mtengo wa shilingi, osaganizako zolowamo. Titangolowa, phokoso lonse la ana lidatha. Patsogolo pathu padaima chinyama cha mafupa okhaokha: khosi lalitali, kamutu kakang'ono, mchira ngati mlongoti. Wotionetsa adati chimenecho ndi Malawisaurus, ndipo mafupa oimikidwawo adachita kuumbidwa motengera enieni omwe adakumbidwa ku Mwakasyunguti, m'boma lomwelo. Akatswiri adayamba kulemba za chinyamachi mu 1928, koma dzina la dziko lathu adachipatsa mu 1993. Chinkadya masamba, zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo, nyanja yathuyi kulibe.

Miliyoni ya makwacha ndimaidziwa, ndidaiwerengapo ndi zala zangazi. Koma miliyoni ya zaka idandikanika m'mutu. Ndiye ndidafunsa funso lomwe ndinkaliona ngati lanzeru: fupa la ng'ombe likakhala kudzala limafumbutuka, nanga awa adapulumuka bwanji?

Wotionetsa uja asanatsegule pakamwa, ndidamva mawu kumbuyo kwanga. "Amayi, si mafupanso ayi. Adasanduka miyala." Adali mwana wanga, yemwe kunyumba yankho lake limathera pa "eya" ndi "ayi". Adafotokoza kuti nyama ikafera m'mbali mwa mtsinje, matope ndi mchenga zimaikwirira msanga afisi a nthawiyo asanaimwaze. Kenaka madzi otenga mchere wa m'nthaka amalowa m'timabowo ta fupa pang'onopang'ono, mpaka fupalo kuuma gwa. Adawonjezera kuti mmodzi mwa akatswiri a mafupawa ndi mayi wa ku Malawi konkuno, Elizabeth Gomani, yemwe mu 2005 adatcha chinyama china dzina loti Karongasaurus. Dzina la mayiyo adalitchula monyadira ngati ndi mbale wake.

"Adayamba zimenezi ali Sitandade 5," adandinong'oneza aphunzitsi aja. "Ife tinkayesa mukudziwa."

Apo ndi pomwe ndidaona buku lomwe adali nalo m'manja. Lidali buku langa la ngongole, lachikuto chofiira, lomwe lidasowa chaka chathunthu m'mbuyomo, mpaka ndidakalipira mnyamata wondithandiza pashopu popanda chifukwa. Masamba asanu oyamba adali mayina a anthu ondikongola. Ena onse adali zojambula: nthiti, mano, misana, chilichonse ndi dzina lake pansi.

Pobwerera adandikhalitsa pawindo kuti andilozere kumtunda, cha ku Uraha, komwe mu 1991 kudapezeka nsagwada ya munthu wamakedzana ya zaka pafupifupi 2.4 miliyoni. Adalankhula mpaka pa Chitimba, kenaka tulo tidamugwira ataika mutu paphewa panga, dzanja lake litapanikiza chikwama. Foni idalira katatu m'menemo. Sindidafune kumusuntha.

M'mawa mwake ndidamva kuti ankaimbayo adali mayi wofuna zitenje makumi awiri za chinkhoswe, ndipo adakagula pashopu yoyandikana nane. Zidandiwawa, sindinama. Madzulo ake ndidamuitana mwana uja n'kumupempha kuti andikopere mayina a angongole aja papepala lina. Bukulo ndidamusiyira.