Mure, mphatso imene mneneri sanaichule

Caka ciliconse Khirisimasi ikangodutsa, ana a katekeze m'komunidade mwathu amakonzekera kasewero ka Epifaniya, ndipo caka ciliconse pamabuka mkangano umodzimodzi. Aliyense amafuna kunyamula golide, kabokosi kokutidwa ndi pepala lonyezimira. Lubani nayenso sasowa mwini, pakuti ana amamuona akufuka pa Misa za masiku aakulu. Mure amatsalira mwana amene wafika mocedwa. Ife akatekista sitingawadzudzule, popeza ndife tinawaphunzitsa kuti golide ndi wa mfumu, lubani ndi wa Mulungu, mure ndi wa maliro. Ndi mwana uti angakondwe kupita kwa khanda atanyamula maliro m'manja?

Kumasulira kumeneku n'koona, ndiponso n'kwakale: Ireneu Woyera wa ku Lyon anakulemba ca m'ma 180. Koma ife tinakufupikitsa mpaka kunatsala mafupa okhaokha.

Ambiri mwa ife sitinamuonepo mure ndi maso. Kusukulu tinkangomumva m'Cipwitikizi kuti mirra, osadziwa ngati ndi mwala, mafuta kapena tsamba. Mure ndi utomoni wa kamtengo kaminga, kochedwa Commiphora myrrha, kamene kamamera m'malo ouma a Somalia, Ethiopia ndi kumwera kwa Arabia. Anthu amatema khungwa lake, utomoni n'kutuluka pang'onopang'ono, n'kuuma kukhala timibulu tofiirira. Fungo lake ndi labwino, koma ukalawa amawawa. Dzina lake la Cihebri, mor, limacokera ku tsinde lotanthauza kuwawa, tsinde lomwe linapatsa dzina madzi a ku Mara m'cipululu, ndi lomwe Naomi anadzicha nalo pobwerera ku Betelehemu mwamuna ndi ana ake atamwalira.

Cimene cinatidabwitsa titafufuza n'cakuti m'Cipangano Cakale mure sapezeka pamaliro. Pa Eksodo 30 ndiye woyamba kuchulidwa m'mafuta oyera odzozera: masekeli 500 a mure, ndiye kuti makilogalamu pafupifupi 6, pamodzi ndi sinamoni, bango lonunkhira, kasiya ndi mafuta a olivi. Ndi mafuta amenewo anadzoza Cihema, Bokosi la Cipangano, maguwa, ndiponso Aroni ndi ana ake, ndipo kunali koletsedwa kupanga ofanana nawo kuti munthu azidzola kunyumba. Estere asanalowe kwa mfumu anadzola mafuta a mure miyezi 6. Pa Salimo 45, nyimbo ya ukwati wa mfumu, zovala za mkwati zikununkhira mure. M'Nyimbo ya Solomo mure akubwerezedwa kangapo, pacifuwa, pa zala, pa milomo ya okondana. Mavesi amenewa ife akatekista timawadumpha mwamanyazi ana akakhalapo. Ngakhale mkazi wonyengerera wa pa Miyambo 7 anawaza mure pa bedi lake, umboni wakuti fungo lopatulika nalonso limabedwa. Conco Myuda wowerenga Malembo akamva za mure, maganizo ake ankapita kwa wansembe wodzozedwa ndi kwa mkwatibwi.

Tsiku la Epifaniya timawerenga Yesaya 60: ngamila zocokera ku Seba zikubwera ndi golide ndi lubani. Mphatso ziwiri zokha. Tikafika pa Mateyo 2, anzeru a kum'mawa akutsegula cuma cao ndipo muli yacitatu, imene mneneri sanaichule. Yesaya anaona ulemerero wa Yerusalemu ndi mitundu ya anthu ikudza kudzapembedza. Mure ndi wa thupi: amadzoledwa pakhungu, amaikidwa pabala, amakulungidwa m'nsalu. Anayenera kudikira kufikira Mulungu atakhala ndi thupi loti n'kudzozedwa.

M'Mithenga Yabwino Yesu akupatsidwa mure katatu. Koyamba ali kakhanda kosalankhula, kacitatu ali mtembo. Nthawi yokhayo imene akanatha kuvomera kapena kukana ndi ya pakatiyo, pa Gologota, pamene Marko 15:23 akunena kuti anamupatsa vinyo wosakaniza ndi mure, iye osalandira. Omasulira ambiri amati cinali cakumwa coziziritsa ululu. Buku la Miyambo 31 limalangiza kupatsa cakumwa caukali munthu amene ali pafupi kufa, ndipo Talmud ya Ayuda imakumbuka amayi olemekezeka a ku Yerusalemu amene ankakonzera oweruzidwa kuphedwa vinyo wothiramo lubani pang'ono kuti asamve zowawa.

Vesi limeneli tinaliphunzitsa zaka zambiri ndi mau okweza, tikutamanda kulimba mtima kwa Ambuye, osaganiza za makutu amene ankatimva. Tsiku lina awiri a ife tinapita kukaona mayi wina wa m'komunidade mwathu amene ankadwala khansa. Tinawapeza atazipinda pamphasa, thukuta lili kamukamu, akuluma nsonga ya kapulana kuti adzukulu asamve kubuula. Mwana wao wamkazi anatitengera pambali n'kutionetsa mapiritsi ocepetsa ululu amene analandira kucipatala, onse ali m'kapepala kake.

Tinawafunsa kuti, “Mayi, bwanji simukumwa mankhwalawa?”

Anayankha motsitsa kuti, “Aphunzitsi, si inu munatiuza kuti Ambuye anakana? Ine ndine yani kuti ndimwe?”

Tinasowa cakunena. Mau anali athu ndithu, ndipo mayiwa anawasunga bwino kuposa mmene ife tinawalankhulira.

Marko safotokoza cifukwa cimene Yesu anakanira. Koma usiku wa dzulo lake, pa Mgonero, anali atanena kuti sadzamwanso cipatso ca mpesa kufikira mu Ufumu wa Mulungu, ndipo m'Getsemani anali atavomera cikho cina cimene Atate anamupatsa. Cikho cimeneco cinali cake yekha, ca nchito ya kuombola dziko, ndipo palibe pamene analamula odwala kuti amutsanzire pokana thandizo. Iye mwini anathera masiku ake akucotsa ululu wa anthu. Eklezia nayenso analankhula momveka: mu 1957 Papa Pio XII anayankha madokotala kuti mkristu angathe kulandira mankhwala oletsa ululu, ndipo Katekisimu wa Eklezia Katolika, pa nambala 2279, amati kucepetsa zowawa za amene ali pafupi kufa n'kololedwa ngati colinga si kupha, ndipo amawerengera cisamaliro cotere pakati pa nchito za cikondi. Zimenezi tinazidziwa kale m'mabuku, koma sitinazinenepo pa katekeze. Tinakazinena madzulo amenewo, titakhala pansi pambali pa mphasa, ndipo tinayamba ndi kupepesa. Anamwa piritsi limodzi tisanacoke. Lamulungu lotsatira anatha kukhala tsonga polandira Ukaristiya.

Mure wacitatu ndi wa Nikodemo, munthu amene poyamba anapita kwa Yesu usiku, ndipo pambuyo pake anamuteteza pamaso pa Afarisi anzake ndi funso limodzi lokha. Pa Yohane 19:39 akubwera poyera, atanyamula msanganizo wa mure ndi aloe wolemera makilogalamu oposa 30, kuposa kasanu mure wa m'mafuta oyera a pa Eksodo aja. Mtembo umodzi sufuna zoculuka cotero. Ndi muyeso woikira mfumu, kapena wa munthu amene wazindikira kuti anacedwa. Lamulo la pa Numeri 19 limati wokhudza mtembo amakhala wodetsedwa masiku 7, ndipo Paska inali itayandikira. Iye ndi Yosefe wa ku Arimateya anaugwira mtembowo ndi manja ao, n'kuukulunga m'nsalu pamodzi ndi zonunkhirazo.

Mayi aja anamwalira patapita milungu ingapo. Amayi anzao a m'komunidade anabwera kudzasambitsa thupi, aliyense ndi kake: sopo wonunkhira, kabotolo ka mafuta odzola, makapulana atsopano amene akanakwanira maliro atatu. Wacibale wina anadandaula panja kuti n'kuwononga, zina akanasungira amoyo. Amayiwo sanamuyankhe. Anatseka citseko, ndipo ife amene tinatsala pabwalo tinayamba korona.